Wobwerera m'mbuyo akhale ndani?

Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya ku polisi Lolemba m'mawa anawamvapo mawu awa: "Bwana, takambirana kunyumba. Ndabwera kudzachotsa mlandu." Kawirikawiri wowanena amakhala mayi, chitenje atachikokera kumutu kuti chibise diso lotupa, ndipo kumbuyo kwake kumaima anthu awiri kapena atatu ovala bwino amene amuperekeza. Operekezawo amakhala ankhoswe, nthawi zina mkulu wa mpingo, nthawi zina apongozi amene afika ndi basi ya m'bandakucha kuchokera kumudzi. Mayiyo akasaina, mitima ya onse imakhala pansi. Panjira pobwerera wina amati, "Mulungu akudalitseni, mwachita zachikhristu."

Mawu otsirizawo ndi amene amandisowetsa tulo. Ndakhala kuno ku Area 18 ku Lilongwe kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene ndinkagwira ntchito yotayipa makalata ku Capital Hill ndipo tinapeza nyumba ya Malawi Housing ku 18B. Nditapuma pantchito, amayi anzanga anandisankha kukhala mmodzi wa alangizi a mabanja kumpingo kwathu, choncho nkhani zotere zimandipeza ngakhale ndisazifune. Ine si loya, ndipo funso langa ndi la chikhulupiriro. Kodi munthu akachotsa mlandu umene anakadandaula yekha, ndiye kuti wakhululuka? Ndipo ngati pa mkangano pakufunikadi kuti wina abwerere m'mbuyo, kodi Mulungu amayembekezera kuti wobwererayo akhale ndani?

Amene sanalowepo m'nyumba yotere amaganiza kuti mayiyo amachita kuopsezedwa ndi chikwanje. Ayi ndithu, zonse zimachitika mwaulemu. Mayi wina wogulitsa mandasi pa siteji, amene ankachita lendi kanyumba ka kuseri pafupi ndi ife, anamenyedwa ndi mwamuna wake Loweruka usiku mpaka dzino kuguluka. Anapita ku polisi, anam'patsa kalata yopita nayo kuchipatala, mwamunayo anagona m'chitokosi. Pofika Lamulungu masana m'nyumbamo munalibe pokhala. Ine anandiitana monga mlangizi.

Woyamba kulankhula anali mkulu wake wa mwamunayo. "Mlamu, palibe amene akunena kuti m'bale wathuyu wachita bwino. Walakwa. Koma akakalowa kundende ya Maula, ntchito ya udalaivala ija yathera pomwepo. Lendi muzilipira ndi mandasi?" Kenako malume a mkaziyo, amene ndimati amuimira kumbuyo, anati, "Mwana wanga, banja ndi kupirira. Amayi ako anapirira zoposa izi." Wotsiriza anali bambo wina wa Baibulo m'manja, amene anakumbutsa kuti Yesu anauza Petro kuti kukhululuka sikuwerengedwa, ndiponso kuti Paulo anadzudzula Akorinto chifukwa chotengerana ku mabwalo a milandu. Mayiyo anangoti, "Ndamva, malume." Nditafunsa kuti nanga bamboyo abweza chiyani, asiya chiyani, anena chiyani pamaso pa anthu awa, m'nyumba munangoti zii. Msonkhano wonse unali wokonza mtima wa womenyedwa. Za womenya zinali zoti atuluke basi.

Nkhani imeneyi si ya nyumba imodzi. Kafukufuku wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016, amene anachitidwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba, anapeza kuti amayi 34 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo kuyambira ali ndi zaka 15, ndipo mwa amayi amene anakwatiwapo, 42 mwa 100 aliwonse anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana, kapena kuzunzidwa m'maganizo. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja tili nalo kuyambira 2006. Ku mapolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Khomo lodandaulira lilipo ndipo amayi ena amalowadi. Chimene chimawatulutsanso ndi zokambirana za pabalaza, ndipo pa zokambiranazo dzina la Mulungu silisowa.

Ankhoswe aja ndisawanamizire. Zambiri zimene amanena n'zoona. Ndende si malo okonzerako munthu mosavuta, ndipo aliyense amene anakaperekako chakudya ku Maula amadziwa kuthithikana kwake. Dziko limene nkhani iliyonse imathera kwa majisitireti silingakhalike. Kuno nyumba n'zoyandikana, mipanda yake ya maluwa, madzi ochapira a wina amayenderera pakhomo pa mnzake, nkhuku sizidziwa malire a puloti. Tikanati tizisumirana pa zonsezi, bwenzi palibe wopita pa maliro a mnzake. Ngakhale malamulo athu oyendetsera milandu amalola khoti kulimbikitsa anthu kuti ayanjane pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pawo. Kubweza dzanja kumatha kukhala ntchito yoyera.

Ndinazionera m'nyumba mwanga momwe. Mnyamata wina wa fomu 2 anaba batire ya galimoto ya malemu amuna anga n'kukagulitsa kwa okonza magalimoto. Anagwidwa. Amayi ake, wamasiye wochapa zovala m'makomo, anabwera n'kugwada pa khonde. Amuna anga anali atalumbira pamaso pa anzawo kuti mwana ameneyo aona polekera, koma m'mawa mwake anavala jekete n'kupita kukachotsa mlanduwo. Anagwirizana kuti mnyamatayo azibwera Loweruka kudzalima kadimba ka kuseri mpaka mtengo wa batire utakwana. Anzawo ena anawaseka kuti ndi ofewa mtima. Iwo anataya kaulemu ka pa bawo, mwanayo anapitiriza sukulu.

Baibulo lili ndi nkhani ziwiri za mafumu zimene zimaunikira bwino pamenepa. Pa 1 Samueli 25, Davide ananyozedwa ndi Nabala, mwini nkhosa 3,000, ndipo analumbira kuti pofika m'mawa sipadzatsala mwamuna wamoyo pakhomo pa munthuyo. Ananyamuka ndi anthu 400 a malupanga. Abigayeli anam'chingamira panjira ndi mikate ndi mawu anzeru, ndipo Davide, pamaso pa asilikali ake onse, anameza lumbiro lake n'kubwerera. Anafika pothokoza mayiyo kuti wamuletsa kukhetsa mwazi. Pa Marko 6 pali Herode, amene pa phwando la tsiku lake lobadwa analonjeza mtsikana wovina chilichonse chimene angapemphe. Mtsikanayo atapempha mutu wa Yohane Mbatizi, mfumuyo inamva chisoni, koma chifukwa cha lumbiro ndi maso a alendo sinathe kubweza mawu. Mneneri anafa chifukwa munthu wamkulu anaopa manyazi. M'nkhani zonse ziwirizi amene anayenera kubwerera m'mbuyo ndi wogwira lupanga, ndipo chimene anayenera kutaya ndi kunyada kwake. Palibe paliponse pamene Yohane akupemphedwa kuti abweze zimene ananena zokhudza ukwati wa Herode kuti m'nyumba ya mfumu mukhale mtendere.

Ife a zaka zanga kubwerera kwa mtundu winawo, kokana choonadi chifukwa cha mantha, tinakuona kukukanidwa ndi maso athu. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inanena za malipiro ochepa a anthu wamba, za sukulu ndi zipatala zosakwanira, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha olankhula. Ndinali m'tchalitchi tsiku limenelo, ndipo ndikukumbukira kuti anthu ankaopa ngakhale kutsokomola. Lolemba ku ofesi aliyense anaweramira pa makina ake. Maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, anaitanidwa ku polisi ku Blantyre n'kufunsidwa kwa maola ambiri. Boma linalengeza kuti kusunga kalatayo ndi mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, inatenthedwa. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno pa nyengo ya Pasaka.

M'masiku amenewo kunali anthu abwinobwino, opemphera, amene ankanong'ona kuti maepiskopi angopepesa zithe, aganizire nkhosa zawo, asaputire dziko mavuto. Ndi mawu omwe aja a pabalaza: ganizirani ana, ganizirani mtendere, mudya chiyani. Maepiskopi kalatayo sanaibweze. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anasankha zipani zambiri. Lero tonse timanyadira kulimba mtima kumeneko, Akatolika, a CCAP, Asilamu ndi ena onse. Chimandidabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amene amatama maepiskopi chifukwa chosabweza mawu pamaso pa Ngwazi Kamuzu, madzulo ake amakakhala pa mpando wa nkhoswe n'kuuza mwana wa mlongo wake kuti akabweze mawu pamaso pa mwamuna amene wamugulula dzino.

Chitsanzo china n'chaposachedwa, ndipo n'cha m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe. Mu Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa pa zipolowe za ku Msundwe, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anadandaula kuti apolisi amene anatumizidwa kumeneko anawagwiririra ndi kuwachita zachipongwe. Anali amayi a kumudzi, odandaulira anthu a yunifolomu. Zifukwa zokhalira chete anali nazo zambiri kuposa za mayi wa mandasi uja. Koma 18 mwa iwo, mothandizidwa ndi bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association, anapirira mpaka ku khoti lalikulu, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Kupirira kumene ankhoswe amakutama kuja, amayi amenewa anakuonetsa, kungoti anapirira potsata chilungamo.

Tsono muyeso wake ndi uwu, monga ndauonera ine. Munthu akafuna kubwerera m'mbuyo, kapena akamakakamizidwa kutero, tifunse kuti akusiya chiyani ndipo alipire ndani. Ngati akusiya mkwiyo wake, lumbiro lake la pa mowa, mphamvu yake yopweteka wochepa, abwerere, ndipo kumwamba kukondwera. Ngati akusiya choonadi, ndipo wolipira ndi iye mwini wofookayo kapena ana ake, kumeneko ndi kugonja, ngakhale titakuphimba ndi vesi. Vuto la dziko lathu n'lakuti zinthu ziwirizi tinazitembenuza. Amene ali ndi mphamvu sabweza kanthu, pakuti wamkulu sauzidwa. Amene alibe mphamvu ndiwo amabweza tsiku ndi tsiku.

Onani mmene akuluakulu amabwezera mawu akakakamizika. Pa chikumbutso cha asilikali chimene chili pafupi ndi kwathu kuno pali chiboliboli cha Kamuzu, ndipo ndikamadutsa pamenepo ndimakumbukira Januwale 1996. Khoti litangomumasula mu Disembala 1995 pa mlandu wa imfa za Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, Kamuzu anatulutsa uthenga wopepesa mtundu wa Amalawi. Chinali chinthu chachikulu kwa munthu amene kwa zaka 30 sankalola kutsutsidwa, ndipo sindichichepetsa. Koma kupepesako kunali kwa "ngati": ngati ena anavutika chifukwa cha anthu ochita zinthu m'dzina lake. Ku Nyumba ya Malamulo nakonso timamva pa wailesi Sipikala akulamula phungu kuti abweze mawu achipongwe, phunguyo n'kuwabweza akuseka, anzake akumenya matebulo. Ndipo pabalaza paja, mwamuna akatuluka m'chitokosi, amayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ngati ndinakulakwira, pepa." Dzino lili m'manja, iye akuti ngati.

Malamulo a dziko amadziwa kuti kuthetsa mlandu si nkhani yamasewera. Gawo 99 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mkulu wozenga milandu ya boma mphamvu yothetsa mlandu, koma limamulamulanso kuti akafotokoze zifukwa zake ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku 10. Kuno ku 18 tinazikambirana kwambiri zimenezi mu Meyi 2024, pamene boma linathetsa mlandu wa katangale wa Dr Saulos Chilima, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko ndiponso mkhristu wa pa St Patrick's pompano. Iye milanduyo ankaikana. Ena anati chilungamo chaoneka, ena anati ndi ndale, ndipo pa 10 Juni chaka chomwecho anatisiya pa ngozi ya ndege ku Chikangawa. Sindikuweruza za mlanduwo. Ndikungoona kuti mlandu wa munthu wamkulu ukathetsedwa, dziko lonse limafunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo lamulo limafuna yankho. Mlandu wa mayi wa mandasi ukachotsedwa, ife achibale ndi a mpingo timangoti zatha bwino.

Nanga kukhululuka kumene Yesu analamula tikuike pati? Ine ndimakhulupirira kuti Mkhristu alibe chilolezo chosunga chidani, ngakhale kwa amene wamuvulaza. Koma kukhululuka kumachitika mumtima ndi pamaso pa Mulungu: ndi kuleka kufunira mnzako zoipa, kuleka kubwezera, kumufunira chipulumutso. Mlandu ndi chinthu china. Uli ndi mbali ya wolakwiridwa, komanso uli ndi mbali ya ana amene ankaonerera pa chitseko, ya mkazi wina amene bamboyo angadzakwatire, ya mnyamata wa nyumba yoyandikana amene akuphunzira kuti mwamuna amatha kumenya n'kugona kwawo Lolemba. Mayi akhoza kupereka mbali yake. Mbali za enawo si zake.

Papa John Paul II, amene anatichezera kuno ku Malawi mu Meyi 1989, anawomberedwa pa bwalo la St Peter's ku Rome pa 13 Meyi 1981. Patangopita masiku ochepa, ali m'chipatala, analengeza kuti wamukhululukira womuwomberayo, Mehmet Ali Ağca. Mu Disembala 1983 anapita yekha ku ndende ya Rebibbia, nakhala naye pansi n'kucheza naye. Atatha kucheza, Papa anabwerera kwawo, Ağca anatsala m'ndende, ndipo anakhalamo mpaka chaka cha 2000 pamene mtsogoleri wa dziko la Italy anamukhululukira mwalamulo n'kumutumiza kwawo ku Turkey. Palibe amene ananenapo kuti Papayo sanakhululuke ndi mtima wonse chifukwa choti khoti linagwira ntchito yake.

Ngakhale Paulo amene timamugwiritsa ntchito potseka amayi pakamwa sanali munthu wa "zingotha". Pa 1 Akorinto 6 akudandaula kuti abale akusumirana pa zinthu za moyo uno kwa oweruza akunja, ndipo mankhwala amene akupereka ndi oti pakati pawo papezeke munthu wanzeru woweruza nkhaniyo. Akufuna kuti iweruzidwe ndithu. Ndipo pa Machitidwe 16, iye ndi Sila atakwapulidwa pagulu ku Filipi popanda kuzengedwa mlandu, m'mawa mwake akuluakulu a mzinda anatuma asilikali kuti akawatulutse mwakachetechete. Paulo anakana. Anati amene anawakwapula poyera abwere okha adzawatulutse, ndipo akuluakuluwo anabweradi n'kudzawapepesa. Munthu amene analemba za chikondi chopirira zonse ndi yemweyo amene anakana kutulukira khomo la kuseri. Pa Luka 17 Yesu akuika zinthu mu ndondomeko yake: m'bale akachimwa adzudzulidwe, akalapa akhululukidwe. Ndipo Zakeyu wa pa Luka 19 sanati "ngati ndinalakwira wina, pepani" n'kukhala pansi kudya. Anatchula chimene abweze, kanayi, ndi theka la chuma chake kwa osauka. Apo m'pamene Yesu ananena za chipulumutso cholowa m'nyumbamo.

Makolo athu nawo sankadziwa zoti nkhani imatha ndi kukhala chete. Kwathu ku Dedza ndili mtsikana, nkhani ya mwamuna wovulaza mkazi ikawakanika ankhoswe inkapita pa bwalo la mfumu. Wolakwa ankaima pagulu, nkhani inkafotokozedwa yonse, anthu ankamva, ndipo ankalipa nkhuku kapena mbuzi. Popeza kwathu ukwati unali wa chikamwini, mkamwini wankhanza ankadziwa kuti alongo ake a mkaziyo ali khomo lachiwiri, ndipo akapitiriza amulongedzera katundu. Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino. Amayi ambiri anavutika osamveka. Koma mwambo unali ndi mano. Kuno ku tauni mkazi ali kutali ndi abale ake, nyumba ndi ya lendi yolipira mwamuna, bwalo la mfumu kulibe. Pa mwambo wonse uja tinatolapo mawu amodzi okha, kupirira, n'kusiya kulipa ndi kuima pagulu. Akuluakulu anati mlandu suwola. Umene wachotsedwa ku polisi osakambidwa sunathe ayi. Umakatulukira kwina, pa mwana amene wayamba kumenya anzake kusukulu, kapena pa Loweruka lina loipa kuposa loyamba.

Pali malo amodzi pamene sindilola n'komwe kukambirana, ndipo ndi pa mwana. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mwana akagwiriridwa, kaya ndi bambo womupeza, malume, mphunzitsi kapena mlaliki, mlanduwo si wa makolo kuti akauchotse, ndipo ndalama kapena thumba la chimanga zimene banja la wolakwa limabwera nazo usiku si chipepeso. Kholo silingakhululuke m'malo mwa mwana pa chinthu chimene chachitika m'thupi la mwanayo. Amene amati "tisachititse manyazi banja" asankha kale kuti manyaziwo awasenze yekha mwana wa zaka 12, moyo wake wonse.

Tsopano funso la mlamu uja libwerere, chifukwa ndi lolemera kuposa mavesi onse amene anawerengedwa tsiku lija: lendi alipira ndi mandasi? Mayi amene akuchotsa mlandu nthawi zambiri si wopusa, ndipo si kuti wanyengedwa. Wawerengera. Akudziwa mtengo wa thumba la makala, fizi ya ana, tsiku limene landilodi amagogoda. Wasankha kumenyedwa mwa apo ndi apo m'malo mogona ndi njala tsiku lililonse. Ine sindingamuloze chala, ndipo amene amamunyoza kuti "amayi enanu mumazifuna" sanagonepo ndi ana atatu m'chipinda chimodzi cha lendi. Chimene ndikukana n'chakuti kuwerengera kwa umphawi kumeneku tikutche dzina la Mulungu. Tikamuuza kuti wachita zachikhristu, timamulanda ngakhale ufulu wodziwa kuti walakwiridwa kawiri, ndipo ife timapita kwathu manja ali oyera.

Ngati mpingo ukufuna kulankhulapo pa nkhani zimenezi, uyambe wagwira m'thumba. Timatha kusonkha ndalama za matenti a ukwati, za yunifolomu ya kwaya, za galimoto ya abusa kapena ya abambo mfumu. Pa maliro sitilephera ufa ndi nkhuni. Mphakati kapena mlaga umene ungathe zimenezi ungathenso kulipirira mayi lendi ya miyezi itatu, kumulowetsa mu banki m'khonde, kumupezera pogona pamene nkhani ili ku khoti. Pokhapokha mayi atadziwa kuti ana ake adya ngakhale mwamunayo asatuluke, m'pamene "ndakhululuka" wake angakhale wochokera mumtima. Mphatso imene munthu wapereka chifukwa analibe njira ina si mphatso. Ndipo pamene watero mwa ufulu wake, atamva kulapa kotchula tchimo ndi dzina lake, ataona kusintha, ineyo ndidzakhala woyamba kumuperekeza kukachotsa mlanduwo, ngati uli mlandu umene lamulo limalola kuti uchotsedwe.

Masiku ano akandiitana pa nkhani yotere ndimapempha zinthu ziwiri tisanatsegule Baibulo. Choyamba, ndilankhule ndi mayiyo payekha, kukhitchini kapena kuseri, popanda apongozi, ndimufunse chimene iye akufuna ndi chimene akuopa. Chachiwiri, nthawi imene tithere pa mkazi tithere yomweyo pa mwamuna, ndipo abale ake omwe amufunse kuti abweza chiyani: mowa, chibwenzi, dzanja, kapena khadi la ku banki limene amabisa. Ena amakwiya n'kunena kuti alangizi a masiku ano akupasula mabanja. Ena amakhala pansi, ndipo ndaonapo bambo wamkulu ndithu akulira pamaso pa alamu ake, akutchula zimene anachita chimodzichimodzi popanda "ngati". Banja limenelo lilipo mpaka lero, ndipo limene lija la mandasi linatha patapita chaka, mayiyo atagonekedwa m'chipatala.

Inu ankhoswe, alangizi anzanga, akulu a mpingo, mashehe ndi apongozi, ntchito yoyanjanitsa anthu ndi yabwino ndipo musaisiye. Koma mukalowa m'nyumba Lamulungu masana, yang'anani kaye amene ali ndi bala ndi amene ali ndi mphamvu. Mawu anu onse okoma aja onena za kudzichepetsa, kumeza mkwiyo ndi kubwerera m'mbuyo, yambani mwamuuza wamphamvuyo. Wabalayo mufunseni ngati wadya, ngati ali ndi pogona, ndipo za kukhululuka mumusiyire iye ndi Mulungu wake.